Mtengo wa Amalume

Bembeke, Dedza
16 Meyi 2024

Amake Mwai,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana, apongozi ndi onse pamudzipo. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga, m'mawa zala zikumauma pogwira mpeni womezanitsira mbande.

Musadabwe kuti ndalemba kalata. Foni pakhomopo ndi imodzi, ya achimwene anu a Zakeyu. Ndikaimba amayankha ndi iwo, ayambe andifunsa za mvula ya kuno, kenako akuitaneni inu iwo ataima pomwepo. Munthu sungalankhule za m'nyumba mwako alamu ako akumvetsera. Ndiye ndapangana ndi a Malizani, oyendetsa lole ya mbatatesi imene imabwera ku Luchenza Lachisanu lililonse, kuti azisiya makalata pa golosale ya pa Khonjeni. Yanu muzisiya pomwepo, adzaitenga pobwerera.

Nkhani yaikulu ndi ya mtengo wa maapozi uli kuseri kwa nyumba. Ndinaudzala mwezi umene Mwai anabadwa, tsopano wakwana zaka zitatu ndi theka. Abwana anga kuno ali ndi mtundu womwewo, wakupsa msanga, ndipo ndawafunsa bwinobwino. Akuti chaka chino uyenera kubereka. Muziuthirira ndowa imodzi pakatha masiku atatu. Patsinde muziwaza phulusa chifukwa cha chiswe. Chonde pasapezeke munthu woukhudza ndi mpeni. Zina ndidzakuuzani mu Julaye.

Zipatso zidzapsa pa Khirisimasi, nthawi ya tchuthi changa. Choyamba ndidzathyola ndi dzanja langa n'kumupatsa Mwai ndekha. Simunaiwale za Khirisimasi yapitayi. Ndinatsika pa kabaza ndi nsapato zake m'manja, mwana n'kuthawa kukabisala kumbuyo kwa miyendo ya amalume ake. Masiku anayi onse sanalole kuti ndimunyamule. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mpaka lero sizinandichoke.

Mundiuze, akulankhula mawu otani tsopano? Amanditchula?

Ndine mwamuna wanu,
Elson

Khonjeni, Thyolo
8 Juni 2024

Abambo a Mwai,

Tathokoza kalata yanu, ngakhale yafika dzulo lomweli. A Malizani akuti lole inafera pa Zalewa, inakhala masabata atatu kudikira chitsulo. Tonse tili bwino. Amayi akudandaula bondo lomwe lija. Chiperoni chatigwira sabata yathunthu, zovala sizikuuma. Ku esiteti tiyi wachepa, ine ndikuthyola masiku atatu okha pa sabata.

Mwai wakula, pakamwa sipatseka. Akuwerenga mpaka teni koma seveni amamudumpha. Nsapato zija zamuthina. Mwafunsa ngati amakutchulani. Ndikamuonetsa chithunzi chanu cha pa chitupa chakale amati "ababa a ku Dedza". Ndiye kuti amakudziwani.

Za mtengo musadere nkhawa. Achimwene anaumangira mpanda wansungwi, mbuzi za kwa a Yesaya zitayamba kuutafuna khungwa. Madzi amatunga okha akaweruka, Mwai ali pambuyo ndi kachitini kake. Mwanayo amangoti "mtengo wa amalume, mtengo wa amalume," ndipo aliyense wofika pakhomo amamukokera kuseri kuti akauone.

Koma pali chimodzi. Kalata yanu ikanafika msanga bwenzi titadziwa. Mukudziwa kuti uno ndi mwezi wodulira tiyi, ndipo achimwene ali m'gulu la odulira. Loweruka lapitalo anabwera ndi mpeni wawo wa kuntchito, n'kuona mtengo wapitirira denga la bafa, nthambi zili balala. Anati mtengo wotere ukungotaya mphamvu. Anaudula bwinobwino, pamwamba pofanana ngati tebulo la tiyi, msinkhu wa m'chiuno. Kunena zoona ukuoneka mwaudongo. Anachita ndi mtima wabwino, musakwiye.

Ndapatsira a Malizani makaka ndi phava la nthochi. Muzivala juzi.

Ndine mkazi wanu,
Sellah

Bembeke, Dedza
13 Juni 2024

Alamu a Zakeyu,

Ndikupatsani moni ndi banja lanu lonse. Ine ndili bwino m'thupi.

Ndamva za ntchito imene mwagwira pa mtengo wanga. Sukulu ndinalekera sitandade folo, koma ichi ndikuchidziwa chifukwa ndi chimene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Tiyi mumamudula kuti atulutse masamba, chifukwa ndi masamba amene mumakweza pa sikelo. Apozi sitidya masamba. Zipatso zake zimabwera pa timphukira tatifupitifupi, tonga chala cha mwana, ndipo timatenga zaka ziwiri kuti tikhwime. Zimene mwadula n'kukataya kudzala zija ndi zipatso za chaka chino.

Ndikudziwa kuti ndine mkamwini, dothi ndi la amayi anu. Nthochi, mapeyala, nsungwi, zonsezo ndi zanu, sindinazilimbirepo. Changa pamudzipo ndi mtengo umodzi ndi mwana mmodzi. Mtengo mwaudula. Mwana akuutchula dzina lanu. Ndiye ndikufunseni ngati mwamuna mnzanga: munalakwitsa, kapena mumafuna kundionetsa kuti mwini mbumba ndi ndani?

Pitani mukawerenge nthambi zimene zatsala pansi pa pomwe munadulapo, ndi timphukira tili pamenepo. Muwerenge ndi maso, mpeni muusiye kunyumba. Mundiyankhe ndi lole yomweyi.

Ndine mlamu wanu,
Elson

Khonjeni, Thyolo
22 Juni 2024

Alamu,

Moni wanu ndalandira, ndi zimene zinali pansi pa moniyo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiri nditakhala pansi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikudula tiyi, kapitawo sanandibwezepo mzere. Lero ndaphunzira kuti kuli mtengo wokana kumeta. Ndalakwa, ndavomera. Ndinaona tchire kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga, manja n'kuyamba kuyabwa. Basi.

Koma za mwini mbumba zija, alamu, mwaponya kutali. Ine apozi ndinadyapo kamodzi, pa ukwati wa akalaliki athu ku Limbe, ndipo ndinangomva ngati mbatata yaiwisi yothira shuga. Ndingalimbirane nanu chinthu chimenecho? Mwana amati mtengo wa amalume chifukwa amaona amalume akuuthirira. Akanaona mbuzi ya a Yesaya itanyamula ndowa, bwenzi akuti mtengo wa mbuzi.

Pali china chimene Sellah anakubisirani kuti musadandaule, koma ine ndikuuzani poti mwafuna kuti tilankhule ngati amuna. Mu Epulo Mwai anakomoka ndi malungo. Mvula inali itagwa masiku awiri, a kabaza anakana matope. Ndinamubereka kumbuyo ndekha mpaka kuchipatala, amake akuthamanga pambuyo ndi zitenje. Anagonekedwa masiku atatu. Pomubaya jakisoni anagwira shati yanga mpaka batani linaduka. Sindikunena kuti mundithokoze, ndi mwana wa mlongo wanga. Ndikungonena kuti tsiku limenelo shati imene inali pafupi inali yanga.

Ndawerenga monga munanenera, manja ndili nawo kumbuyo ngati mkaidi. Nthambi zatsala zinayi. Timphukira tanu tija ndapeza khumi ndi kamodzi.

Ndine mlamu wanu,
Zakeyu

Bembeke
4 Julaye 2024

Amake Mwai,

Za malungo a mwana ndamvera kwa achimwene anu, patapita miyezi itatu. Chabwino.

Chitani izi. Lekani kuthirira mtengo kuyambira lero. Pakatha masabata awiri mupulule masamba onse, lisatsale ndi limodzi lomwe. Nthambi zinayi zatsalazo muzimangirire miyala ndi luzi kuti ziwerame.

Muchite nokha. Achimwene anu asayandikire.

Elson

Khonjeni, Thyolo
20 Julaye 2024

Abambo a Mwai,

Ine ndiyamba ndi moni ngakhale yanu inalibe. Muli bwanji? Ife tilipo.

Ndachedwa kuyankha chifukwa sindimadziwa polowera. Kalata yanu ndinawawerengera amayi. Atamva anandikumbutsa za mkamwini wa kwa a Yesaya uja. Iye uja pofuna kusiya mkazi wake sananene kanthu. Anayamba wadula nthochi zonse zimene anadzala, sabata yotsatira anazula malata ake, n'kupita. Amayi akuti mwamuna akafuna kuchoka pamudzi amayamba ndi zimene anadzala. Ndiye inu mukuti mtengo wa mwana tiuletse madzi, tiuvule masamba, tiumangirire miyala ngati mwana wa galu wokataya kumtsinje. Ndipo ndichite ine ndi manja anga. Amayi akufuna kutuma mthenga kwa ankhoswe. Ndawapempha kuti adikire yankho lanu.

Lachisanu lapitalo amayi anapita okha pa golosale ndi bondo lawolo kukafunsa a Malizani za moyo wanu. A Malizani akuti mwanenepa, kuli a Miriam amene amakuphikirani, ndipo mumawadulira nkhuni. Kuno simunandidulirepo nkhuni osadandaula msana. Miriam ndi ndani? Ngati alipo nenani poyera, musabisale kumbuyo kwa mtengo.

Za malungo, ndikanakuuzani mukanatani? Mukanauyamba wapansi kuchokera ku Dedza? Ndinaona kuti muzingolira nokha kumeneko popanda chothandiza. Mwina ndinalakwa. Koma ine amene ndinagona pasimenti masiku atatu sindinalandire ngakhale "pepani".

Mtengo sindinaupulule. Ndikuuthirira, ndipo tsopano ndikuthira ndowa ziwiri.

Sellah

Bembeke, Dedza
25 Julaye 2024

Amake Mwai,

Muli bwanji inu, mwana ndi apongozi? Pepani chifukwa cha kalata yopanda moni. Pepaninso chifukwa cha masiku atatu a pasimenti. Ndinalemba mutu ukutentha.

Ankhoswe asavutike. Sindikuchoka pamudzi, ndipo sindikupha mtengo. Mvetserani. Mtengo umenewu kwawo ndi kumaiko ozizira kwambiri. Kumeneko chisanu chimagwetsa masamba onse, mtengo n'kugona, ndipo ukadzuka umadzuka ndi maluwa. Kwathu ku Khonjeni chisanu ndi chochepa, masamba sagwa, ndiye mtengo sugona, umangokhala wobiriwira osabereka. N'chifukwa chake timauletsa madzi n'kuupulula ndi manja. Miyala ndi yoti nthambi zigone chopingasa, chifukwa nthambi yoloza kumwamba imangothamanga osabereka. Kuno tapulula mitengo mazana awiri, yonse ili mbulanda, ndipo abwana sakusudzula aliyense. Awerengereni apongozi pamenepa kawiri.

A Miriam amaphikira antchito tonse asanu ndi anayi. Ali ndi zidzukulu zisanu, ndipo amatitukwana tonse mofanana. Nkhuni timadula mosinthana, wokana sadya. A Malizani ndikawapeza ndiwafunsa kuti wanenepa ndani.

Nthawi yatha kale. Lekani madzi lero lomwe. Pakatha sabata imodzi pululani. Gwirani tsamba ndi zala ziwiri, mulikokere pansi pang'onopang'ono kuti kadiso kali patsinde lake kasachoke. Timphukira khumi ndi kamodzi tija musatigunde. Pakatha masabata awiri yambaninso kuthirira.

Ndikupemphabe kuti muchite nokha. Mukhoza kundiseka. Koma shati inali yawo, foni ndi yawo, mpanda anamanga ndi iwo. Ndisiyireniko chimodzi chimene manja awo sanakhudze.

Ndine mwamuna wanu,
Elson

Khonjeni, Thyolo
14 Seputembala 2024

Abambo a Mwai,

Tili bwino tonse, kaya inu. A Malizani anasintha njira, mwezi wonse amapita ku Mwanza, ndiye nkhani zaunjikana. Amayi akuti akupatseni moni, ndipo akuti mtengo wofuna kuzunzidwa kuti ubereke sanauonepo.

Ndikuuzani zoona musanamve kwa ena. Ndinayamba kupulula ndekha Loweruka m'mawa. Tsamba lachisanu linachoka ndi kadiso komwe. Achimwene anali ataima kunja kwa mpanda, manja ali m'thumba, akungoti "Aaa, iwe Sellah, aaa." Nditathyolanso kamphukira kamodzi ndinawauza kuti lowani. Iwo anati, "Ndinaletsedwa ndi boma la ku Dedza." Ndinati mlandu ndi wanga. Analowa, ndipo sipanathe nthawi yofulula tiyi wam'mawa mtengo unali mbulanda, kadiso osaonongeka ndi kamodzi komwe. Miyala anasankha okha kumtsinje. Mukafuna kukwiya, kwiyirani ine.

Mwai atauona analira kwambiri. Anatola masamba m'kachitini kake kufuna kuwabwezera. Anafunsa kuti wavula mtengo ndani. Achimwene anati, "Alamula ndi ababa ako, kuti ubereke." Iye anangomva za ababa zokhazo.

Koma abambo a Mwai, munanena zoona! Kumapeto kwa Ogasiti tinadzuka n'kupeza maluwa pa nthambi zouma zija, oyera, m'mbali mofiirira. Njuchi sindikudziwa zinachokera kuti. Anthu a ku tchalitchi anabwera kudzaona. Tsopano maluwa ayoyoka, patsala tizipatso tisanu ndi tinayi tonga nsawawa. Tiuzeni chochita.

Ndine mkazi wanu,
Sellah

Bembeke, Dedza
19 Seputembala 2024

Amake Mwai,

Moni kwa nonse. Ndasangalala ndi maluwa. Za amene anapulula sindinenapo kanthu, koma ndawerenga.

Tisanu ndi tinayi tachuluka pa nthambi zinayi za mtengo wovulala. Musiye zipatso zitatu zokha, zimene zili zazikulu ndi zotalikirana, zinazo muzichotse ndi chikhadabo. Zikafika ngati dzira la nkhuku muphimbe mtengo ndi neti yakale ya udzudzu ija chifukwa cha mbalame, makamaka apumbwa. Madzi asasowe mwezi wa Okutobala.

Abwana andilonjeza tchuthi pa 22 Disembala. Kuno mtundu umenewu timathyola sabata ya Khirisimasi, ndiye zagwirizana bwino. Mpaka tsiku limenelo pasakhale wothyola, kaya inu, kaya apongozi, kaya mwini mpanda. Mwana akafuna mumuuze kuti adikire ababa.

Mundiuze nambala ya phazi lake. Muyeze ndi ulusi, ulusiwo muike m'kalata.

Elson

Khonjeni, Thyolo
30 Novembala 2024

Alamu,

Muli bwanji kumeneko? Kuno mvula yayamba, tiyi waphuka, tikuweruka titatopa kwambiri. Sellah wandipempha kuti ndilembe ine, akuti iye akalemba alira.

Khirisimasi yanu yafika kale kuseri kwa nyumba. Zipatso zinayamba kufiira pakati pa mwezi uno. Chimodzi chinagwa chokha Lachiwiri, pomwe timachiona chinali chitadzaza nyerere. China anachiboola apumbwa, analowera pomwe neti inang'ambika. Chatsala chimodzi, chachikulu ngati chibakera changa, chofiira mbali ya dzuwa, ndipo ukaima pa mpanda umamva fungo lake. Ine za maapozi sindidziwa, munandiuza kale. Koma chinthu chakupsa ndimachidziwa. Chimenechi sichifika pa 22.

Vuto si chipatso ayi, ndi mwana. Tsiku lililonse akadzuka amakakhala pa mpanda. Amandipempha ine, amapempha amake, amapempha ngakhale a Yesaya akamadutsa. Tonse timayankha chimodzi monga munalamulira: dikira ababa. Chija chinagwa chija anachiona nyerere zikudya, anafunsa kuti nyerere zadikira ababa? Dzana anapeza chitupa chanu chakale chija pa shelefu, anakachiponya m'beseni la madzi otsukira mbale. Amake atamukalipira anati, "Ababa a ku Dedza ndi omana. Asabwere."

Alamu, ndimaseka nanu zambiri koma apa sindikuseka. Mlonda wa chipatso chanu ndine, womukaniza ndine, koma dzina limene akulira nalo ndi lanu. Ndikanakhala munthu amene munandiganizira mu Juni uja, bwenzi nditangokhala chete mpaka pa 22 kuti mudzazione nokha.

Sindithyola popanda mawu anu. Ngati mungathe kubwera sabata ino, bwerani. Ngati ayi, nenani chochita ndi lole ya Lachisanu.

Zakeyu

Bembeke, Dedza
5 Disembala 2024

Alamu a Zakeyu,

Moni. Kalata yanu ndalandira Lolemba.

Ndinapita kwa abwana kawiri. Akana. Mvula yayamba, anthu akubwera ndi magalimoto kudzagula mbande, ndipo womezanitsa tilipo awiri okha. Nditawauza za chipatso anandifunsa kuti kwanuko kumatentha bwanji. Nditawauza anati, nanga umawerenga masiku a ku Bembeke chifukwa chiyani, kotentha chimafulumira ndi mwezi wathunthu. Ndiye wolakwa ndine. Ndinachiwerenga bwino tchuthi, dzuwa la kwathu ndi lomwe ndinaliiwala.

Thyolani.

Chitani m'mawa mame atauma. Musakoke. Chigwireni m'dzanja lonse, muchikweze m'mwamba n'kupotoza pang'ono, chichoka chokha ndi kamtengo kake. Kamphukira kamene chamerapo musakathyole, kadzaberekanso. Muchitsuke ndi madzi akumwa. Musasende, khungu ndi lofewa. Musamudulire, mumupatse chathunthu agwire ndi manja awiri.

Ndikanakonda athyole amake, koma mwana wakhala akupempha inu, ndiye mupatseni ndinu. Polemba mawu amenewa ndaima kawiri.

Chimodzi chokha. Musamuuze kuti chachokera kwa ine, angaganize kuti mukundigulira mtima wake. Akafunsa yekha kuti anadzala mtengowu ndani, pamenepo muuzeni. Amake andilembere zimene anene, asawonjezere kanthu kondisangalatsa.

Zikomo chifukwa cha Epulo. Ndinayenera kunena kale.

Ndine mlamu wanu,
Elson

Khonjeni, Thyolo
7 Disembala 2024

Abambo a Mwai,

Tili bwino. Ndikulemba mofulumira kuti a Malizani asandisiye.

Zachitika lero m'mawa. Achimwene anasamba m'manja ndi sopo ngati akupita ku mgonero. Anachita zonse monga munalembera, chinachoka chokha. Mwai anachigwira ndi manja awiri, poyamba anangochinunkhiza. Atachiluma chinalira kuti khwaa, iye n'kudzidzimuka, kenako n'kuseka. Madzi anatsika pachibwano mpaka pa diresi. Anawalumitsa agogo ake, anati n'chozuna ngati nzimbe. Anawalumitsa achimwene, anakwinya nkhope mwadala kuti aseke. Inenso ndinalumako. Abambo a Mwai, n'chokoma zedi, chotsekemera, chowawasira patali. Chotsalacho anamaliza yekha mpaka tinachita kumulanda njere.

Munati ndisawonjezere kanthu. Sanafunse.

Achimwene anakhala naye pa mpanda nthawi yaitali, akumuonetsa tsinde, akunena kuti mtengo uwu ndi wamkulu ngati iweyo, kodi unabwera bwanji pano? Iye anati unamera. Kenako anafunsa ngati mawa kubwera china. Atamva kuti mpaka chaka chamawa, anatenga kachitini kake n'kupita kukasewera.

Ine ndinafuna kumuuza, koma munaletsa. Ndiponso ndinaona kuti ngakhale nditamuuza, angomva dzina basi.

Ku esiteti akulemba anthu a sizoni, othyola tiyi mpaka Epulo, kapitawo wa achimwene akusowa amuna. Sindikukuuzani chochita, ndangonena. Ulusi wa phazi uja ndinaiwala, ndauika muno.

Ndine mkazi wanu,
Sellah

Bembeke, Dedza
12 Disembala 2024

Amake Mwai,

Moni kwa inu, apongozi ndi alamu. Zikomo kuti simunawonjezere.

Ndawauza abwana kuti pa 20 ndikumaliza, sindibweranso mu Januwale. Anakalipa, kenako anandipatsa mbande zitatu ndi mpeni womezanitsira umene ndimagwiritsa ntchito. Malipiro a tiyi ndi ochepa, ndikudziwa, tidzavutika. Alamu awauze akapitawo kuti asunge malo amodzi. Dengu lothyolera tiyi ndinalisiya kalekale koma msana sunaiwale.

Ndikwera lole ya a Malizani Lachisanu la pa 20. Pa golosale pasabwere aliyense kudzandichingamira. Nsapato ndagula koma muzidzamupatsa ndinu, tsiku lina.

Mwai musamuuze kuti ababa akubwera, angayambe kulira kudakali sabata. Muuzeni kuti Loweruka kubwera munthu wodzakumba maenje atatu kuseri kwa nyumba, ndipo akufuna womuthandiza amene ali ndi kachitini. Akafuna kuima kumbuyo kwa amalume ake, aime, musamukankhe. Maenje atatu ndi ntchito ya masiku awiri. Ndidzakumba pang'onopang'ono.

Ndine mwamuna wanu,
Elson